Mabungwe a antchito atsikire kumunda kumene kuli amayi

A Mkonzi,

Chaka chilichonse pa 1 Meyi mabungwe oimira anthu apantchito amavala zitenje ndi matisheti ofanana, n'kuguba ndi zikwangwani zonena za ufulu wa amayi. Pa 8 Malichi, tsiku la amayi padziko lonse, ndi chimodzimodzi. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza akayamba pa 25 Novembala, misonkhano imachulukira m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo nyuzipepala zimatulutsa zithunzi za atsogoleri ataima pamzere, mafayilo ali kukhwapa. Dandaulo la kalata ino ndi lakuti mayi wothyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene nkhaniyi imamukhudza kuposa wina aliyense, saoneka pazithunzizo, ndipo zimene amagwirizana kumeneko sizifika kumunda kumene iye ali.

Malamulo alipo, ndipo si oipa. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa tsankho pantchito, limanena kuti mwamuna ndi mkazi alandire malipiro ofanana pa ntchito yofanana, komanso limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati wozunza mnzake pa nkhani zogonana alipitsidwe K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idawonjezera zina: mayi woyamwitsa apatsidwe theka la ola kawiri patsiku kuti akayamwitse, ndipo bambo naye apumeko masabata awiri mwana akabadwa.

Tsono tiyeni kuesiteti. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo anthu ambiri amalembedwa kwa nyengo yokhayo. Mvula ikatha, ntchito yawo yatha. Chaka chamawa dzina limalowanso m'kaundula ngati kapitawo wafuna. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mayi wa kontirakiti ya miyezi ingapo sangaulule msanga kuti ndi woyembekezera, chifukwa palibe amene adzamuuze kuti wachotsedwa kaamba ka pakati. Kontirakiti imangotha mwakachetechete, iye osaitanidwanso. Sangakane mosavuta kapitawo womufunsira, chifukwa kapitawo yemweyo ndiye amagawa malo othyola, kuonetsetsa makilogalamu pasikelo ndi kulemba amene wabwera ku ntchito. Mphamvu zonsezo zili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi mwamuna. Lamulo la masabata 8 lija limathandiza mlembi wa muofesi ku Blantyre, koma kwa wothyola tiyi wa nyengo limangokhala ngati mankhwala otsekeredwa m'kabati, kiyi wake ali ndi wina.

Izi si nkhambakamwa. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, idavomera kupereka ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni kuti ithetse mlandu wa amayi 36 amene adadandaula kuti adagwiriridwa ndi kuzunzidwa m'minda yake. Kampaniyo sidavomere kulakwa, koma idalipira, n'kulonjeza kukhazikitsa njira yoima payokha yolandirira madandaulo. Amayiwo adaimiridwa ndi maloya a Leigh Day a ku London. Funso n'lakuti: zidatheka bwanji kuti amayi a ku Thyolo ndi ku Mulanje akapeze chilungamo kutsidya kwa nyanja, pomwe m'maboma awo muli ofesi ya zantchito, muli polisi, muli bungwe la antchito, ndipo dziko lino lili ndi khoti lake la Industrial Relations? Maloya akunja adawafikira amayiwo n'kuwamvera. Athu akuno adali kuti?

Si kuti mabungwewa sanachitepo kanthu. Mu 2016 bungwe la PAWUM, loimira ogwira ntchito m'minda, lidasainirana ndi Tea Association of Malawi mgwirizano woyamba wa malipiro m'mbiri ya ulimi wa tiyi m'dziko muno. Imeneyo idali ntchito yotamandika, ndipo ikusonyeza kuti bungwe likakhala patebulo ndi abwana limatha kubwerako ndi kanthu. N'chifukwa chake anthu ali ndi ufulu wofunsa zambiri. Ngati zidatheka kukambirana za malipiro a tsiku, zingakanike bwanji kulemba m'mgwirizano womwewo kuti mayi amene wabereka adzabwerere pa ntchito nyengo yotsatira, kuti kulemba anthu ntchito kusakhale m'manja mwa kapitawo yekha, ndi kuti madandaulo a nkhanza azilandiridwa ndi mayi mnzawo wosadya m'mbale ya manijala?

Bungwe lalikulu la antchito la MCTU lakhala likupempha boma kuti livomereze pangano nambala 190 la ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2019 pofuna kuthana ndi nkhanza pantchito. Namibia idavomereza mu 2020, South Africa mu 2021. Pempholi n'loyenera, chifukwa panganolo limateteza ngakhale waganyu, wofunsira ntchito ndi amene wachotsedwa kale. Komabe siginecha ya nduna ku Geneva siidzasintha kanthu ngati malamulo amene alipo kale sakudziwika. Ndi amayi angati akuesiteti amene adamvapo za theka la ola loyamwitsira? Malamulowo ali m'Chingerezi, ndipo zikalata zambiri za mabungwe zili m'Chingerezi chomwecho, pomwe ku Mulanje anthu amalankhula Chichewa ndi Chilhomwe.

Palinso nkhani ya m'nyumba mwa mabungwe eniake. Kawirikawiri amayi amapatsidwa kakomiti kawo kapadera, koimba ndi kukonza za pa 8 Malichi, koma tsiku lokambirana ndi olemba ntchito likafika, mipando yakutsogolo imadzaza ndi abambo. Mayi amene wagwiriridwa sangamasuke kufotokoza zimene zamuchitikira kwa gulu la amuna, ena mwa iwo anzake a kapitawo yemweyo. Boma lidadziikira lamulo loti polemba anthu ntchito m'boma pasakhale mbali, ya amuna kapena ya akazi, yochepera 40 pa 100 iliyonse. Mabungwe amene amakumbutsa boma za lamuloli ayambe adziyeza okha ndi muyeso womwewo.



A Mkonzi, inunso muli ndi mbali yanu. Mtolankhani wanu akamaliza kulemba zolankhula za pa 1 Meyi, mumutumize ku Thyolo m'mwezi wa Januwale, mvula ili mkati, akafunse amayi othyola tiyi ngati akudziwa dzina la wowaimira ndi kumene angakadandaule. Ndipo kwa a MCTU ndi a PAWUM pempho ndi ili: msonkhano wotsatira wa ufulu wa amayi ukachitikire pabwalo la esiteti, m'chilankhulo cha eni ake, pa tsiku limene sali pa ntchito.

Wodandaula,
Luchenza