KUFUFUZA MAKOLO ATHU: YAMBANI NDI AMOYO



Pa maliro ambiri masiku ano, ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, abale amayamba kunong'onezana. Wina akuti malemu anabadwa mu 1938, wina akuti ai, munali mu 1942. Mukafunsa dzina la mai amene anabala malemuwo, onse amangoyang'ana pansi, pakuti munthu amene akanayankha mosakayika ndi yemwe uja wagona m'bokosi. Umu ndi mmene mbiri ya mabanja athu ikutayikira.

Ana ambiri anabadwira ku Lusaka, ku Kabwe kapena ku Migodi, ndipo kumudzi amangokumva. Ena mwa iwo amva kuti kupima DNA kungawauze kumene anacokera. Mwezi uno tikambirane zida zitatu zofufuzira makolo: pakamwa pa akulu, mabuku akale, ndi DNA. Muzigwiritse nchito motsatana cotero, cifukwa mabuku ndi DNA zingakudikireni zaka khumi, koma nkhalamba ya zaka 85 siingatero.

Pakamwa pa akulu

Pitani kwa ambuye, kwa amalume ndi kwa azakhali mutatenga kope ndi pensulo, ndi kamphatso ka shuga kapena mcere. Akalola, jambulani mau ao ndi lamya. Yambani ndi inu eni, kenaka makolo anu, kenaka amene anabala iwowo. Musalumphe mbadwo ngakhale umodzi pothamangira mfumu yochuka imene mumamva kuti ndi yanu.

Pa munthu aliyense funsani maina onse: la pobadwa, la ku cinamwali, la ubatizo, ndi la kunchito, pakuti munthu mmodzi angapezeke m'mabuku ndi maina atatu. Funsaninso ciwongo cake, mudzi, mfumu, ndi manda amene anagonamo. Dzina la Banda, Phiri kapena Tembo palokha silikwanira, popeza eni ake ndi miyandamiyanda. Kumbukirani kuti Acewa ndi Ansenga amawerenga mbumba kudzera mwa mai, pamene dzina lolembedwa pa makhadi nthawi zambiri ndi la bambo. Mukatsata dzina lokhalo, mudzataya theka la abale anu.

Akulu sasunga zaka m'manambala, amasunga zocitika. Akati munthu anabadwa Mpezeni akumenyana ndi azungu, lembani 1898. Cimfine cacikulu cinali mu 1918, nkhondo ya Hitler kuyambira 1939 mpaka 1945, citaganya ca Federation 1953 mpaka 1963, ufulu 1964, ndipo ndalama ya Kwacha inayamba mu 1968. Mufunse anthu awiri kapena atatu, aliyense payekha. Akasiyana mau, lembani zonse, ndipo pambali pa mfundo iliyonse muike dzina la amene wanena ndi tsiku.

Mabuku akale

Yambani ndi za m'sutikesi ya kunyumba: khadi la ubatizo, mtsempha wa ukwati, citupa ca msonkho, makalata a machona a ku Harare ndi ku Joni, ndi zithunzi. Reji nayo ndi mboni, cifukwa imachula mudzi, mfumu ndi boma. Koma caka cobadwa ca pa reji za akulu ambiri cinali congoyerekeza mlembi poyang'ana nkhope.

Kenaka pitani ku parishi. Kuyambira pa Msonkhano wa ku Trent mu 1563, Mpingo umalamula kuti maubatizo ndi maukwati azilembedwa m'mabuku. Buku la ubatizo limachula dzina la wobatizidwa, makolo ake, omuimira pa ubatizo, tsiku ndi malo. Pambali pake amadzalembanso za ulimbitso ndi ukwati wa munthuyo, kotero tsamba limodzi lingakutsogolereni ku parishi ina kumene anakakwatira. Mabuku akale analembedwa m'Cilatini. Mukaona Petrus ndiye Petulo, Joannes ndiye Yohane. Filius ndi mwana wamwamuna, filia ndi wamkazi.

Parishi yanu ingakhale ya posacedwa. Funsani kuti mudzi wanu unali pansi pa mishoni iti kale, pakuti mabuku anatsala kumeneko. Kayambi inatsegulidwa mu 1895, Kachebere wa pa malire a Malawi mu 1903, Chikuni ndi Kasisi mu 1905. Ngati makolo anu anali a mpingo wa Dachi, kumbukirani kuti mishoni ya Magwero inayamba mu 1899. Pemphani Abambo Mfumu mwaulemu, mutakonzeratu dzina, mudzi ndi zaka zimene mukuganizira. M'mabukumo muli zinsinsi za mabanja ena, ndiye musadabwe akakukoperani tsamba lanu lokha.

Ku Lusaka kuli National Archives of Zambia, kumene amasunga mabuku amene abwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu ndi midzi. Pofufuza kumeneko gwiritsani nchito maina akale a malo. Chipata anali Fort Jameson, Kabwe anali Broken Hill, ndipo Luangwa anali Feira.

Nanga DNA?

DNA ndi malangizo a cibadwa amene ali m'thupi lonse la munthu, ocokera kwa makolo. Popima, munthu amalavulira m'kabotolo kapena kupukuta m'kati mwa tsaya ndi kathonje, n'kutumiza ku makampani akunja monga AncestryDNA, MyHeritage kapena FamilyTreeDNA. Kupimaku kuli kwa mitundu itatu.

Mtundu woyamba umaona DNA ya mitochondria, imene mai amapatsira ana ake onse, koma ana aakazi okha ndiwo amaipitiriza. Imayenda monga mbumba ya Acewa: mai, mai wa mai, mpaka kale. Waciwiri umaona Y, imene bambo amapatsira ana aamuna okha, monga mmene Angoni amawerengera mtundu. Mkazi wofuna kudziwa mzere wa bambo ake ayenera kupempha mlongo wake kapena bambowo kuti apimidwe. Wacitatu umaona DNA yosakanizika ya mbali zonse. Mwana amalandira magawo 50 mwa 100 kwa kholo lililonse, pafupifupi 25 kwa agogo aliyense, ndipo ndi msuweni wake amafanana pa magawo pafupifupi 12 ndi theka. Pakapita mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, cibale cimayamba kuzimirira m'zotsatira. M'mabanja amene asuweni ankakwatirana, anthu amaoneka acibale capafupi kuposa mmene alili.

Kupimaku kumathandiza kwambiri mukakhala ndi funso lenileni. Ngati agogo anachona ku Bulawayo ndipo kwapezeka banja lonena kuti ndi ana ao, kupima anthu awiri kungatsimikize. Koma DNA siichula dzina la munthu kapena mudzi. Kampani imangokufanizirani ndi anthu amene anapimitsa kale, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Ulaya ndi America. Mitundu yolankhula zinenero za Cibantu ndi yofanana kwambiri m'cibadwa, kotero pepala silingakuuzeni motsimikiza kuti ndinu Mcewa kapena Mbemba. Taonani Angoni: anaoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo m'njira monse ankatenga anthu a mitundu ina nawasandutsa Angoni. A Mpezeni anakwatira akazi a Cinsenga mpaka cinenero cao cinasintha. Mngoni weniweni angapeze kuti mzere wa mai ake ndi wa Cinsenga, ndipo ungoni wake sunacepe ai.

Cenjezo

Musanalavulire m'kabotolo, ganizani kawiri. Zotsatira zingaulule kuti amene anakulerani si amene anakubalani, kapena kuti bambo anali ndi mwana wina kumbali. Nkhani yotere ingagwedeze ukwati wa zaka 40 ndi kuutsa milandu ya cuma ca masiye. Kambiranani m'banja poyamba, ndipo musapime mwana kapena nkhalamba mobisa. Dziwaninso kuti DNA yanu imaulula za abale anu amene sanavomere. Mu 2023 akuba a pa intaneti anatenga mbiri za anthu pafupifupi 7 miliyoni ku kampani ya 23andMe, ndipo mu 2025 kampaniyo inalengeza kuti yagwa ndi ngongole.

Mukapeza zocititsa manyazi, musang'ambe tsamba. Mateyo Woyera polemba mibadwo ya Ambuye sanabise Tamara kapena Rahabu. Akale anati cibale ndi fupa, siciola. Amene analera mwana, namveka ndi kumphunzitsa, akhalabe kholo lake.

Zimene mwalemba muzikopere m'makope atatu, limodzi kumudzi kwa mwini mbumba, ena kwa abale a m'tauni, pakuti ciswe ndi moto sizisankha. Ndipo Sabata ino, Misa ikatha, pitani kwa wamkulu woposa onse m'banja mwanu, mukhale pansi, mumufunse dzina la mai ake.