MZERE WA NDEGE ZATSOPANO NDI MAUKWATI A MAKAMPANI

Pa 16 January 2024 woweruza wa mu mzinda wa Boston ku America, Bambo William Young, analetsa kampani ya ndege ya JetBlue kugula inzace ya Spirit. Mtengo unali utapanganidwa kale m'caka ca 2022, madola mamiliyoni 3,800, ndipo eni ace a Spirit anali atabvomera. Amene anakasuma ndi Boma la America, ponena kuti ukwati umenewu udzakweza mtengo wa ulendo kwa anthu a ndarama zocepa. Woweruzayo anagwirizana ndi Boma, ndipo m'mwezi wa March a JetBlue anaileka nkhaniyo.

Mlandu uwu ufunika kuumvetsa bwino, pakuti cimene a JetBlue anali kufuna sicinali dzina la Spirit kapena macitidwe ace iai. Spirit inadziwika ndi maulendo otsika mtengo: inali kupanikiza mipando yambiri m'ndege, nilipiritsa padera katundu, ngakhale madzi akumwa. A JetBlue ananena poyera kuti adzacotsamo mipando ina ndi kupaka ndegezo utoto wao. Cimene anasirira ndico ndege za Airbus pafupifupi 200 zimene Spirit inali nazo, oyendetsa ace, ndi ndege zinanso zimene inali itaitanitsa kale ku fakitale. Anthu a m'tauni adziwa za mwamuna wofunsira mkazi wamasiye cifukwa ca nyumba ya m'lokeshoni, popeza mndandanda wa ku ofesi ya nyumba ndi wautali. Nkhani yace ndi yomweyo.

Ndege siigulidwa monga njinga, kuti munthu alowe m'sitolo ndi ndarama naturuka akupalasa. Imayamba yaitanitsidwa, ndipo woitanitsayo amapatsidwa malo pa mzere. Opanga ndege zikuluzikulu zonyamula anthu amene dziko lonse liwadalira ndi awiri okha, Airbus ku Ulaya ndi Boeing ku America. Pakutha pa caka ca 2024 Airbus inali ndi ndege 8,658 zoitanitsidwa zimene inali isanapereke, pamene m'caka conseco inapereka 766. Wodziwa samu aone yekha: pa mayendedwe otere mzerewo ndi wa zaka zoposa 11.

Ku Boeing zinthu zinaipa koposa, pakuti m'caka comweco anapereka ndege 348 zokha. Pa 5 January cotsekera ca pa khomo la ndege ya Alaska Airlines, ya mtundu wa 737 MAX, cinazuka ndegeyo iri m'mwamba itangonyamuka ku Portland. Mwa mwai panalibe wakufa, koma Boma linalamula kuti a Boeing asapange ndege za mtunduwo zoposa 38 pa mwezi. M'mwezi wa September anchito ao 33,000 ananyanyala nchito masabata asanu ndi awiri, kufuna malipiro abwino. Ku Airbus nako kunali lace bvuto: mu 2023 opanga injini a Pratt & Whitney anapeza cirema m'citsulo ca injini zao, ndipo ndege zambiri, zina mwa izo za Spirit, zinaimikidwa kuyembekeza kukonzedwa.

Mzere ukatalika cotere, amphamvu ndiwo amadzaza malo. Mu February 2023 Air India inaitanitsa ndege 470 nthawi imodzi, ndipo mu June IndiGo, ya ku India komweko, inaitanitsa 500. Ngakhale akuluakuluwo aona kuti fodya wako ndiye ali pamphuno. United Airlines, itatopa ndi kudikira ndege zimene a Boeing anailonjeza, inapangana mu 2024 zobwereka ndege 35 za Airbus kwa ocita malonda obwereketsa, ndipo inapempha oyendetsa ace ena kuti apite ku chuti copanda malipiro, popeza ndege zoti ayendetse zinali zisanafike. Fakitale ikacedwa, woyamba kumva kuwawa ndi wa nchito amene ayembekeza malipiro pakutha pa mwezi.

Tsono kodi woweruza wa ku Boston anaweruza bwino? Pa mlandu umene unali pamaso pace, inde. Makampani awiriwo anali kupikisana pa njira zambiri, ndipo ukwatiwo ukadacitika mipando yotsika mtengo ikadatha ndithu. Komatu ciweruzo cace sicinapange ndege ngakhale imodzi. Mu April 2024 Spirit, posowa ndarama, inapempha a Airbus kuti ndege zimene inayenera kulandira mu 2025 ndi 2026 zidzabwere mu 2030 ndi 2031, niuza oyendetsa ndege pafupifupi 260 kuti ayambe akhala kunyumba. Mu November inakadziika m'manja mwa bwalo la milandu cifukwa ca ngongole, ndipo inateronso kaciwiri mu August 2025. Malo aja pa mzere, amene a JetBlue anawasirira, mwini wace anawasiya yekha.

Iwo amene anena kuti kukadakhala bwino kuilola Spirit igulidwe ali ndi mfundo, koma ayang'ana pa nthambi. Muzu wace uli kwa opanga. Boma lomwelo limene linakaniza JetBlue ndilo linalola Boeing kumeza McDonnell Douglas mu 1997, Lockheed ataleka kale kupanga ndege za anthu aulendo. Mu 2018 Airbus inatenga ndege yatsopano ya Bombardier ya ku Canada, niipatsa dzina la A220. Ndege ya ku China ya C919 inayamba kunyamula anthu mu 2023, koma pakutha pa 2024 zoperekedwa zinali zisanakwane 20. Maukwati a opanga ndiwo abala maukwati a ogula. Ndipo sikokwanira kuti Boma lilondere khomo la ogula, la opanga litalisiya lotseguka.

Nanga maiko a kuno aima pati pa mzerewu? Acikulire adzakumbukira Central African Airways, imene inatumikira Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri kuyambira 1946, Citaganya cisanabadwe. Mu 1962 inaitanitsa ku Britain ndege ziwiri za BAC One-Eleven. Koma Ian Smith atagalukira Britain mu November 1965, Boma la ku London linakana kuzitumiza ku Salisbury. Pakutha pa 1967 kampaniyo inagawika patatu, ndipo ndege ziwirizo zinakathera ku Zambia Airways. Kugawanako kunali ndi zifukwa zace zomveka za ndale, koma kunasiya makampani ang'onoang'ono amene mau ao samveka ku fakitale. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, Air Malawi mu 2013.

Pamene makampani a maiko awiriwa anadzukanso, anadzuka atagwira dzanja la Ethiopian Airlines, imene inatenga magawo 49 pa 100 ku Malawi ndi 45 pa 100 ku Zambia. Ena ici ciwawawa mumtima, nati ndege ya dziko iyenera kukhala ya dziko lokha. Otero afunse kuti kampani ya ndege ziwiri kapena zitatu ikadaima pati pambuyo pa IndiGo ndi ndege zace 500. Ethiopian ndiyo ili ndi malo pa mzere: mu November 2023, ku Dubai, inaitanitsa ndege 31 za Boeing. Cigwirizano cotere cisiyana ndi ca JetBlue, pakuti sicipha wopikisana naye; pamene cinapangidwa panalibe ndege ya dziko yowuluka.

Komabe wamng'ono pa cigwirizano ayenera kupenyetsetsa. Ndege zatsopano zikafika ku Addis Ababa, mwini wace ndiye asankha imene itsale kwao ndi imene itumizidwe ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Aphungu a Nyumba za Malamulo ali nao ufulu wofunsa nduna zao cimene mapangano anena pa za ndege zimenezi, ndiponso kuti ana a dziko angati aphunzitsidwa kuziyendetsa ndi kukonza injini zace.