Luso la M'manja ndi Pepala Lake

Makolo anzanga ndi inu achinyamata, mwezi wathawu kunafika kwathu mnyamata amene ndinamphunzitsa mu Sitandade 8 zaka zapitazo. Atasoŵa malo ku sekondale, anakakhala kwa amalume ake owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, ndipo pa zaka 6 anadziŵa kupanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo, kotero kuti anthu anayamba kumtchula mmisiri. Koma pamene fakitale ina inafuna owotcherera, iye anabwerera pachipata. Sanampatse ngakhale kachitsulo koti aonetse luso lake. Anangomfunsa setifiketi, ndipo analibe.

Poyamba ndinapsa mtima, koma nditalingalira ndinaona kuti mwini fakitale sanalakwe kwenikweni. Iye samdziŵa mwana wathu. Chitseko chowotcherera molakwa chimangogwejemuka, koma paipi ya nthunzi m'fakitale ya shuga ikaphulika imapha anthu. Setifiketi ndiyo mboni yoti wina wodziŵa ntchitoyo anamuyesa mwanayo, nakhutira naye.

Njira yopezera mboni imeneyi ilipo. Mu 1999 boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wapadera wothandizira maphunziroŵa. Wosankhidwa amaloŵa pa koleji monga ya Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu kapena Livingstonia. Miyezi ina amakhala m'kalasi, miyezi ina amatumizidwa kukagwira ntchito pansi pa mmisiri weniweni, ndipo kawirikawiri ndi kumeneko kumene akuluakulu a kampani amamuona namkumbukira pa tsiku lolemba ntchito. Kuyambira mu 2015 kwatsegulidwanso makoleji ang'onoang'ono m'maboma. Ndipo kwa onga mnyamata wanga uja, amene anaphunzira luso pamsewu, bungwelo lili ndi dongosolo loyesa zimene munthu adziŵa kale ndi kumpatsa setifiketi yomuyenera.

Tisaiŵale ntchito yonyamula katundu. Dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, motero feteleza ndi mafuta zimachokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimatulukira komweko. Pamafunika oyendetsa malole okhala ndi laisensi ya galimoto zazikulu, amakaniko, osunga kaundula m'nyumba zosungiramo katundu, ndi odziŵa mapepala a kasitomu pa zipata za Mwanza, Dedza ndi Songwe. Ana aakazi nawonso angathe kuzigwira ntchitozi.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi ife makolo. Mwana akavala tayi timamuonetsa kwa alendo, ngakhale akhale zaka zitatu pakhomo wopanda ntchito; akavala ovololo timati walephera sukulu. Manyazi ameneŵa sitinawalandire kwa amene anatitsogolera. Pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, anaika ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku pambali pa uphunzitsi, ndipo amisiri ochokera kumeneko anafunidwa mpaka kunja kwa dziko lino. Tchalitchi cha St. Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, chiimabe lero ndi njerwa zoumbidwa ndi manja a makolo athu.

Koma chenjerani, pakuti masukulu a ntchito zamanja achuluka m'matauni, ndipo ena amapereka mapepala okongola amene fakitale sizimawadziŵa. Musanagulitse mbuzi kuti mulipire fizi, funsani ngati sukuluyo inalembedwa ku TEVETA, funsani amene amalemba mayeso ake, ndiponso pemphani kuona zipangizo zophunzirira. Ndinaonapo "sukulu ya umakaniko" yokhala ndi injini imodzi yadzimbiri pa ana 40.

Mnyamata uja ndinamlembera kalata, ndipo Lolemba anakwera basi kukafunsa tsiku limene angayesedwe. Amalume ake alonjeza kumbwereka makina oti azikonzekera madzulo akaŵeruka.