Mtunda umene ndege ya mainjini awiri ingauluke yopanda katundu

Ndege ya mainjini awiri ikadzaza mafuta m'matanki onse koma osanyamula anthu kapena katundu, imauluka mtunda wautali kuposa umene imauluka pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Maulendo otere amachitika kawirikawiri ndege yatsopano ikamachoka ku fakitale kupita kwa wogula, kapena ikamapita kokakonzedwa.

Chimachititsa n'chiyani

Nkhani yagona pa kulemera. Ndege iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene ingadzuke nako pansi, ndipo m'kulemerako mumawerengedwa ndege yeniyeniyo, mafuta, anthu ndi katundu. Pa ulendo wautali, anthu akachuluka mafuta amachepetsedwa. Komanso ndege yolemera imamwa mafuta ambiri, monga momwe lole yodzaza mbatata ya kachewere kumapiri a Neno imamwera kuposa yopanda kanthu ikamakwera chitunda chomwecho. Woyendetsa saloledwanso kuwerengera mafuta onse ngati a ulendo: ena amasungidwa kuti ndege ikathe kuzungulira m'mwamba kapena kukatera pa bwalo lina zinthu zikavuta.

Mtunda wotalikitsitsa

Mu November 2005, ndege ya Boeing 777-200LR inanyamuka ku Hong Kong n'kulowera kum'mawa, kudutsa nyanja ya Pacific, North America ndi nyanja ya Atlantic, mpaka kukatera ku London. Inauluka makilomita 21,601 kwa maola 22 ndi mphindi 42 osatera, ili ndi anthu 35 okha, chonsecho ndege yamtunduwu imanyamula anthu pafupifupi 300. Amene ankatsogolera oyendetsa anali mayi Suzanna Darcy-Hennemann.

Pa maulendo amalonda mtunda umachepa kwambiri. Singapore Airlines imauluka kuchoka ku Singapore kupita ku New York, makilomita oposa 15,000, pa Airbus A350-900ULR, koma inaikamo mipando 161 yokha.

Nkhaniyi ku Malawi

Ziwerengero zoterezi zimatchulidwa anthu akamafunsa chifukwa chimene munthu wa ku Malawi wopita ku Ulaya amayenera kusintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Munthu wa ku Neno amatsikira ku Zalewa, kukakwera pa Chileka, n'kukadikiranso maola angapo pa bwalo la dziko lina. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, osakwana n'theka lomwe la ulendo wa 2005 uja.

Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 ndipo eni ake ndi boma la Malawi (51 peresenti) ndi Ethiopian Airlines (49 peresenti), imagwiritsa ntchito ndege za Boeing 737 ndi Dash 8 Q400. Boeing 737-800 imalowa malita pafupifupi 26,000 a mafuta ndipo ikanyamula anthu imafika makilomita pafupifupi 5,400. Kuichotsa anthu kungawonjezere mtundawo, koma kampani siingapeze ndalama pa mipando yopanda anthu. Ndege zazikulu ngati Boeing 787 zingafike ku London mosavuta, bola papezeke anthu mazana awiri kapena kuposa olipira ulendowo kangapo pa sabata, chaka chonse. Apa ndi pamene pali vuto lenileni, osati pa matanki.

Mabwalo nawonso amaika malire. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malo okwera chonchi mpweya umakhala wopepuka, makamaka kukatentha mu October, moti ndege imafuna msewu wautali kuti idzuke. Msewu wa ndege wa Chileka ndi waufupi kuposa wa Kamuzu, choncho ndege yaikulu yodzaza anthu ndi mafuta a ulendo wa ku Ulaya ingavutike kudzukirapo.