Kutikita Minofu Kumapepuza Mtima Wolemedwa

Mukaweruka madzulo, kodi ndi pati pamene pamayamba kupweteka? Inu amene mumathyola mphesa ku De Doorns kapena malalanje ku Limpopo mudzaloza m'chiuno ndi m'mapewa. Inu amene mumakolopa, kuchapa ndi kusita m'nyumba za ku Johannesburg, Harare kapena Lusaka mudzaloza msana, mikono ndi mapazi. Komabe ambiri mwa inu mukudziwa kuwawa kwina kumene sikumva mankhwala: khosi louma gwa, mutu wolemera, chifuwa chobanika, ndi tulo tosabwera pamene mukuwerengera ndalama ya lendi, fizi ya mwana ndi tsiku limene pemiti yanu idzathe. Kuwawa kumeneko kumamveka m'thupi, koma gwero lake ndi nkhawa.

Ndikukupemphani kuti muyambe kuona kutikita minofu ngati njira imodzi yosamalira maganizo anu, ndipo musachite nako manyazi.

Mwina mukuti zimenezi n'za mabwana amene ali ndi ndalama zotaya. Kumbukirani kwathu. Mayi akabereka, azimayi akuluakulu amamuthowa ndi madzi ofunda. Khanda likasamba amalidzoza mafuta n'kuliwongola timanja ndi timiyendo. Agogo akabwera kudimba atatopa, mdzukulu ankawatikita miyendo ndi mafuta a nsatsi kwinaku akucheza. Nzeru imeneyi tinakula nayo. Chimene ulendo watilanda ndi manja a abale athu. Wantchito wogona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana amatha miyezi osakhudzidwa mwachikondi ndi munthu aliyense. Amabereka kumsana mwana wa eni, pamene wake akukulira kwa agogo ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Angónia. Kusungulumwa kotere kumadwalitsa.

Thupi ndi maganizo zimayendera limodzi. Munthu akachita mantha, thupi limakonzekera kuthawa kapena kumenya nkhondo: mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, minofu imakungika. Zimenezi zimathandiza mukakumana ndi njoka panjira, ndipo zimayenera kutha njokayo ikapita. Koma mantha a munthu wokhala m'dziko la eni satha msanga. Lero ndi apolisi, mawa ndi kapitawo, mkuja ndi uthenga wa maliro umene simungathe kupitako. Thupi limakhala tcheru usana ndi usiku, mpaka limaiwala kupuma. Dzanja lotikita pang'onopang'ono, mosinikiza bwino, limathandiza thupi kuzindikira kuti ngozi yapita. Mtima umayamba kugunda modekha, mpweya umafika pansi, ndipo tulo timabwera mosavuta.

Akatswiri anafufuzapo nkhaniyi. M'chaka cha 2004, ofufuza a ku University of Illinois ku America anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 37 wosiyanasiyana. Anapeza kuti kutikitidwa kamodzi kokha kumachepetsa nkhawa ya nthawi imeneyo, kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo kutikitidwa mobwerezabwereza kumachepetsa nkhawa yokhalitsa ndi kukhumudwa. Ku South Africa, ntchito yotikita minofu pofuna kuchiza ndi yovomerezeka, ndipo oigwira amalembetsedwa ndi bungwe la Allied Health Professions Council. Vuto ndi mtengo, chifukwa ola limodzi kwa katswiri nthawi zambiri limaposa malipiro anu a tsiku lonse.

N'chifukwa chake ndikuti tithandizane tokhatokha. Kuyenda awiri si mantha. Pezani mnzanu amene mumamukhulupirira, wa kumpingo, wa gulu lanu losunga ndalama kapena amene mumagona naye nyumba imodzi, ndipo muzisinthana mphindi 15 aliyense. Wotikitidwayo akhale pampando atavala zovala zake. Yambirani m'mapewa, mukwere m'khosi, kenako mutsikire m'mikono ndi m'zikhatho. Sinikizani minofu ya m'mbali mwa msana, osati fupa lenilenilo, ndipo muzifunsa ngati sakumva kupweteka. Inu a m'minda, yambani mwasamba ndi sopo ndi kusintha zovala, kuopera kuti mungatikitire m'khungu mankhwala opopera mbewu. Ngati muli nokha, ikani kampira pakati pa msana wanu ndi khoma n'kumakagudubuza, pondani botolo n'kumaligudubuza ndi phazi, kapena thowani khosi ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Mudzaonanso kuti pamene manja akugwira ntchito, pakamwa pamatseguka. Nkhani imene munthu wakhala akuibisa miyezi yambiri imatuluka mosavuta pamene mnzake ali kumbuyo kwake, osamuyang'ana m'maso.

Pali malire amene muyenera kuwasunga. Thupi ndi lanu, ndipo palibe amene ayenera kukugwirani musanavomere. Mungathe kunena kuti "basi" nthawi iliyonse. Bwana amene akukuitanirani kuchipinda kuti mukamutikite, chikhalirecho munalembedwa ntchito yosamala m'nyumba, wadumpha malire. Kanani, lembani tsiku ndi nthawi, ndipo kauzeni bungwe la antchito kapena ofesi yopereka uphungu wa zamalamulo. Chenjeraninso ndi ntchito za "masaji" zolengezedwa pa intaneti zimene zimalonjeza ndalama zambiri koma n'kufuna kusunga pasipoti yanu, chifukwa ozembetsa anthu amakola atsikana m'njira imeneyi.

Palinso nthawi zimene kutikita kumavulaza. Ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, akutentha ndi kupweteka, musamukhudze. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita kungawakankhire kumapapo, thamangirani kuchipatala. Musatikite pabala, pamene mukukayikira kuti fupa lathyoka, kapena munthu amene thupi latentha. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa anamwino kusikelo.

Dziwaninso kuti kutikita minofu sikulowa m'malo mwa chipatala. Ngati mwatha masabata awiri muli okhumudwa, osafuna kudya, osasangalala ndi chilichonse, kapena ngati mukuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kukiliniki. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene ayenera kubwezedwa akafuna chithandizo chadzidzidzi. Bungwe la South African Depression and Anxiety Group limapereka uphungu pafoni. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda inaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu pa mabenchi a pakiliniki. Iwo amatchula vutoli kuti "kufungisisa", kumene ife timati kuganiza kwambiri.

Wina adzati, "Kodi kusisita msana kungakweze malipiro anga?" Ayi, sikungatero, ndipo abwana asagwiritse ntchito malangizo ano ngati chifukwa chokusenzetsani katundu woposa msinkhu. Zoona zake n'zakuti simungasamalire thupi lanu ngati mulibe nthawi yopuma, ndipo nthawi imeneyo ndi ufulu wanu. Pangano nambala 189 la bungwe la International Labour Organization, la m'chaka cha 2011, limati wantchito wa m'nyumba azipuma maola osachepera 24 otsatizana pa sabata. Ku South Africa, lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limaika maola 45 a ntchito pa sabata ndi maola 36 otsatizana opuma, ndipo khoti la za ntchito linagamula kale kuti ngakhale wantchito wopanda mapepala amatetezedwa ndi malamulo a ntchito. Mukamamenyera tsiku lanu lopuma, mukumenyeranso thanzi la maganizo anu.

Lamlungu likubwerali, mukatuluka m'tchalitchi kapena mukatha msonkhano wa gulu lanu, musafulumire kubalalika. Tenthetsani madzi, kokani mpando, ndipo funsani mnzanu kuti, "Achemwali, achimwene, pakupweteka ndi pati?" Akamaliza kuyankha, inunso mukhale pampandopo.