Ndalama Yafika pa Foni, Nanga Akaitenge Ndani?

Pali anthu okonda kunena kuti foni yapha ulemu, kuti ana a masiku ano amangotumiza ndalama m'malo mokaona makolo. Sindigwilizana nao. Aiwala mmene zinalili kale. Munthu wa ku Chawama akafuna kutumiza kangacepe kwa amai ake ku Lundazi, anali kulawilila ku Intercity, kupatsa kondakita envulopu, n'kuyamba kupemphela. Uthenga wa matenda unali kubwela pa kalata, nthawi zina malilo ataikidwa kale. Lelo amai akadwala m'mawa, masana ndalama yopitila kucipatala yafika pa Airtel Money kapena MoMo. Mu 2024, pamene cilala cinaocha cimanga mpaka boma kulengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, mabanja ambili kumudzi anadya nsima ya ndalama zodzela pa foni.

Cimene cimandipweteka ndi bodza limene timadzinamiza ife a m'makomboni, lakuti tikadina batani ndiye kuti tasamala makolo tokha. Ndalama imafika pa nambala, inde. Koma maso a ambuya saonanso tizilembo twa pa foni, ndipo PIN anaiiwala tsiku lomwelo. Netiweki imagwila pa culu kuseli kwa munda. Batile ikatha, foni iyenela kupita kwa mwini sola. Booth ili kumsika, makilomita angapo, ndipo ukafika angakuuze kuti float kulibe, ubwele mawa. Amene amayenda ulendo wonsewu ndani?

Kawilikawili ndi mtsikana. Mdzukulu, mwana wa mlongo wanu, uja amene anamusiya kumudzi kuti azitungila ambuya madzi. Ndiye amawelenga uthenga, ndiye amasunga PIN, ndiye amakumbukila tsiku lokatenga mankhwala a BP kukiliniki. Akuba akatumiza uthenga wao wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, iye ndiye amauza ambuya kuti asayankhe. Ine ndine mphunzitsi, ndimaitana maina m'kalasi m'mawa uliwonse, ndipo ndidziwa zimene zimacitika kwa mwana amene amajomba tsiku limodzi sabata iliyonse. Kuyambila 2022 sukulu za boma n'zaulele, koma mayeso sadikila mwana amene anali pa mzele wa booth pa Citatu cifukwa amalume ake a ku Kanyama anati ndalama itengedwe lelo lomwe.

Ndiye taonani malipilo ake. Mumatumiza K500 yeniyeni, osaikapo yocotsela. Wa booth amadulapo yake, wa njinga amatengapo yake, ambuya amalandila yopelewela. Madzulo gulu la banja pa WhatsApp layaka moto: mwana uja wayamba kuba. Iye m'gulumo mulibe, alibe ngakhale foni yoti alowelemo. Amaweluzidwa ndi anthu amene sanakolole naye cimanga kwa zaka zisanu. Ndipo pa malilo, amene amachulidwa pa mndandanda wa othandiza ndi ise otumiza, aliyense ndi dzina lake ndi ndalama yake.

Musandiuze kuti ndi udindo wake cifukwa amadya pakhomopo. Wanchito wa m'nyumba ku Kabulonga nayenso amadya pakhomo, koma mwezi ukatha amalandila. Ngati muli ndi mabandulo oonela TikTok usiku wonse, muli nayo ndalama yoikapo yocotsela ndi ya njinga, ndi kena kake ka iye mwini ka sopo ndi makope, kotumizidwa poyela kuti banja lonse lidziwe kuti n'kake. Tumizani pa Cisanu madzulo kuti akatenge pa Ciwelu. Ndipo mukaimba Sondo ino, ambuya akatha kulankhula, auzeni kuti apatse foni mtsikanayo. Mufunseni kuti masamu akuyenda bwanji, ndiponso kuti temu ino wajomba masiku angati.