Oyilo Wakuda Asapite ku Chilwa

Mtsinje wa Phalombe umatsika m'phiri la Mulanje uli woyera mbee. Koma taonani ngalande za m'misika yathu: amakanika akutsanuliramo oyilo wakuda wa njinga zamoto, achiwaya akutayamo mafuta otsala. Mvula ikagwa, zonsezi ulendo wa ku Chilwa.

Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa chalowa. Ndipo matemba tikudyawa amachokera komweko.

Ena akuti msampha wa mafuta ndi wa ku Blantyre, kumene kuli mipope ya zonyansa. Bodza lamkunkhuniza! Kumeneko mafuta amatseka mpope. Kuno amalowa mumtsinje momwemo. Msamphawo ndi dzenje chabe la njerwa ndi simenti, la zipinda ziwiri. Mafuta amayandama, madzi amadutsa kunsi kwa khoma, mwiniwake n'kuwatapa mafutawo ndi chitini.

Makolo athu anakumba ndi makasu ngalande za mipope ya madzi kuchokera m'phiri m'zaka za m'ma 1970, osalipidwa. Ana awo dzenje limodzi liwakanike? Khonsolo ya Phalombe ikhazikitse lamulo: garaja kapena chiwaya chopanda dzenje chisalandire laisensi.